Phunziro la mwezi uno: Kusamala injini ya turbo pa msewu wa ku Limbe

Mwezi uno tisiye kaye nkhani ya maukonde ndi mbewu, tikambe za galimoto imene imanyamula thukuta lathu kupita nalo ku msika. Nsomba ikatuluka m'madzi ku Monkey Bay, ku Malindi kapena ku Makanjira, ntchito imakhala isanathe. Ndalama yake ili ku Limbe, ku Ndirande ndi ku Bangwe. N'chimodzimodzi mpunga, nandolo ndi tomato. Pakati pa gombe ndi msika pali msewu wa M3, wodzera pa Liwonde ndi Zomba, mtunda wa makilomita pafupifupi 190 kuchokera pa Mangochi boma.

Phunziroli ife tinaliphunzira mowawa. Mabanja anayi tinasonkherana n'kugula pikapu ya dizilo yakale yochokera kunja. Chaka chatha, tili pa ulendo wa usiku ndi chambo chachiwisi mu ayisi, galimoto inayamba kulira ngati likhweru pa zitunda za Machinga, kenako utsi wabuluu tolotolo, mphamvu n'kutheratu. Dzuwa linatipeza pomwepo. Ayisi anasungunuka, nsomba tinagulitsa pa mtengo wolira kwa anthu odutsa. Makaniko atamasula injini ku Limbe anangotifunsa funso limodzi: "Oyilo munasintha liti?" Tinayang'anana. Tinali titalumpha sevisi kawiri, ati kusunga ndalama, ndipo oyilo wothirira tinkagula wa m'mabotolo otsegula kale m'mbali mwa msewu. Turbo inali itapsa. Ndalama imene tinalipira inaposa masevisi onse amene tinkawathawa aja, osawerengera nsomba zija.

Turbo n'chiyani kodi?

Injini ili ngati mbaula: kuti moto uyake bwino pamafunika mafuta ndi mpweya. Mukakupizira mbaula, makala amayaka mwamphamvu. Turbo ndiye chokupizira cha injini. Ndi kachitsulo kooneka ngati nkhono, kokhala pafupi ndi paipi ya ekizozi. M'kati mwake muli timagudumu tiwiri ta mapiko tolumikizidwa ndi shafiti imodzi. Utsi wotentha wotuluka mu injini umazunguza kagudumu koyamba, ndiye kachiwiri nako kamazungulira, kumakoka mpweya wa panja n'kuupanikizira mu injini. Mpweya ukachuluka, dizilo wambiri amapsa bwino, injini yaing'ono n'kumakoka ngati yaikulu. Nzeru imeneyi si yatsopano ayi. Anailembetsa mu 1905 ndi katswiri wa ku Switzerland dzina lake Alfred Büchi.

Kwa ife turbo ili ndi phindu lenileni. Nyanja yathu ili pa mamita osafika 500 kuchokera pa mlingo wa nyanja ya mchere, pamene Blantyre ndi Limbe zili pa mamita opitirira 1,000. Mukamakwera, mpweya umapepuka, ndipo injini yopanda turbo imayamba kuwefuka. Ya turbo imakwera ndi katundu osadandaula kwambiri.

Koma paja walira mvula walira matope. Shafiti ya turbo imazungulira maulendo opitirira 100,000 pa mphindi imodzi, ndipo utsi umene umaizunguza umatentha kupitirira madigiri 500 galimoto ikamakoka katundu. Pa liwiro lotere chitsulo sichiyenera kukhudzana ndi chitsulo chinzake. Shafitiyo imayandama pa kaoyilo kopyapyala, monga bwato liyandamira pa madzi. Oyiloyo ndi yemwe uja wa mu injini. Akada, akachepa kapena akachedwa kufika, bwato lakhala pa mwala.

Palinso mbale wake wa turbo wotchedwa supercharger. Ntchito yake ndi yomweyo, koma iye sazunguzidwa ndi utsi, amakokedwa ndi lamba wochokera ku injini. Mumam'peza pa magalimoto ena a petulo oyenda m'tauni, monga Mercedes-Benz zolembedwa Kompressor ndi Nissan Note zina zochokera ku Japan. Amene ali ndi yotere aziyang'ana lambayo: akayamba ming'alu kapena kulira, asinthe. Zina zonse zimene tikambe pano zikumukhudzanso.

Dziwani kaye galimoto yanu

Si galimoto ya dizilo iliyonse ili ndi turbo. Toyota Hilux ndi Hiace za injini ya 5L zilibe, pamene za injini ya 1KZ, 2KD ndi 1KD, ziwiri zomalizazi zolembedwa D-4D, zili nayo. Isuzu D-Max, Nissan ya injini ya YD25 ndi malole ang'onoang'ono ambiri a masiku ano alinso nayo. Ngati simukudziwa, funsani makaniko akuonetseni ndi chala, musachite manyazi. Safunsa anadya phula. Pogula galimoto, dzina la injini mulilembe penapake, chifukwa ndi limene mudzatchule pogula fyuluta ndi zipangizo zina.

Choyamba: oyilo

Mmawa uliwonse wa ulendo, galimoto ili pa malo osatsetsereka ndipo injini isanalizidwe, solani kandodo koyezera oyilo, kapukuteni, kabwezereni, kasoleninso. Oyilo akhale pakati pa zizindikiro ziwiri zija. Akachepa thirani, koma musapitirize mzere wa pamwamba, poti oyilo wosefukira nayenso amawononga. Oyilo wa dizilo amada msanga, zimenezo zisakuopseni. Choopsa ndi oyilo wooneka ngati tiyi wa mkaka, kusonyeza kuti madzi alowa, kapena oyilo amene akuchuluka yekha n'kumanunkha dizilo.

Kusintha oyilo, ife amene timayenda m'fumbi ndi katundu wolemera tisapitirire makilomita 5,000. Tiyeni tiwerengetse. Kupita ku Limbe ndi kubwerera pa Mangochi ndi makilomita pafupifupi 400 mukaphatikiza kuzungulira m'misika. Maulendo awiri pa sabata ndi 800. Ndiye kuti pakatha masabata asanu ndi limodzi nthawi ya sevisi yakwana. Ambiri timawerenga miyezi, kumati "tinasintha posachedwapa", chonsecho galimoto yayenda kale makilomita 9,000.

Posintha oyilo musinthenso fyuluta yake nthawi yomweyo. Kuthira oyilo watsopano pa fyuluta yakale kuli ngati kusamba n'kuvalanso malaya a matope. Injini zambiri za dizilo za kuno zimayenda bwino ndi oyilo wa 15W-40 wolembedwa CH-4 kapena CI-4 pa chigubu. Zatsopano kwambiri ndi za petulo za turbo zimafuna oyilo wopepukirapo, choncho tsatani zimene buku la galimotoyo likunena. Gulani chigubu chomata, pa malo odziwika, ndipo chitsegulidwe inu mukuona. Oyilo wa m'botolo la madzi simungadziwe kumene wachokera. Wina amakhala wotsalira m'magalimoto ena, wangosefedwa.

Chachiwiri: poliza ndi pozimitsa

Apa ndi pamene turbo zambiri zimafera, ndipo kupewa kwake sikulira ngakhale tambala.

Galimoto ikagona, oyilo yense amatsikira pansi. Mukailiza, pamatenga kanthawi kuti akwere kukafika ku turbo. Madalaivala athu ena akangoliza amaponda moto kuti mudzi wonse umve. Pamenepo shafiti ikuzungulira pouma. Lizani, onani kuti nyali ya oyilo yazima, dikirani mphindi imodzi, kenako nyamukani mofatsa. Makilomita oyamba musaikakamize mpaka muvi wa kutentha utayamba kukwera.

Pozimitsa ndiye pofunika kusamala koposa. Mwachoka pa Zomba, mwakwera ndi katundu mpaka Limbe, turbo yatentha kwambiri. Mukangofika pa msika n'kuzimitsa, pampu ya oyilo imaima nthawi yomweyo, koma kutentha kuli pomwepo. Oyilo wotsalira m'kati amapserera ngati nsima ya pansi pa mphika, n'kusanduka makala. Makalawo pang'onopang'ono amatseka kapaipi kobweretsa oyilo. Tsiku lina turbo imadzangouma pa msewu. Choncho mukafika, isiyeni injini ilire yokha mphindi ziwiri kapena zitatu. Muzimasula zingwe za katundu iyo ikupuma. Mukaima pa Liwonde kapena pa Namadzi kuti mumwe tiyi, chitaninso chimodzimodzi. Ndipo chizolowezi choponda moto kamodzi musanazimitse, chonde chithe. Chimasiya turbo ikuzungulira mwamphamvu oyilo atasiya kale kubwera.

Komanso musapitirire muyeso. Kuisiya injini ikulira theka la ola pa mzere wa mafuta kapena podikira ogula n'kungotaya dizilo, ndipo kumadzaza mwaye m'kati.

Chachitatu: mpweya ndi fumbi

Misewu yopita ku magombe ndi ku minda yathu ndi yafumbi ndi mchenga. Kamchenga kamodzi kakafika pa mapiko ozungulira pa liwiro lija, kamawadya ngati tupa. Mlonda wake ndi fyuluta ya mpweya. M'chilimwe muziitsegula sabata iliyonse. Igogodeni mofatsa, kapena ipemerereni ndi mpweya wa kompuresa kuchokera m'kati kupita kunja. Ya pepala musaichape ndi madzi. Ikang'ambika ngakhale pang'ono, kapena mphira wa m'mphepete ukauma, itayeni. Kuyenda popanda fyuluta, ngakhale "kungofika pa Mangochi pompa", ndi kugula turbo ina.

Yang'ananinso mapaipi a mphira ochokera ku fyuluta kupita ku turbo, ndi ochokera ku turbo kupita ku injini. Ena amadzera pa intercooler, kaja kooneka ngati radiyeta yaing'ono koziziritsa mpweya. Paipi ikang'ambika turbo isanafike, fumbi limalowa. Ikang'ambika kupitirira turbo, mpweya umathawa, galimoto imafooka n'kumatulutsa utsi wakuda, ndipo mumamva kufwenthera mukaponda moto. Nthawi zambiri vuto limene anthu amati "turbo yatha" limakhala paipi kapena chomangira chake chabe. Intercooler ndi radiyeta muzizichotsa udzu, tizilombo ndi matope kuti mphepo izidutsa.

Chachinayi: dizilo

Zaka zapitazi, makamaka kuyambira 2022, tonse tagonapo pa mizere ya mafuta, ndipo nsomba sizidikira. Mayesero ogula dizilo wa m'zigubu amakhala aakulu. Koma dizilo wotere nthawi zina amakhala ndi madzi, zinyalala kapena parafini. Injini za D-4D ndi zinzake zimapopa dizilo mwamphamvu kwambiri kudzera m'timabowo tating'onoting'ono, ndipo sizipirira zonyansa ngati injini zakale zija kapena ya chigayo. Ma injector akawonongeka, dizilo sapsa bwino, utsi umatentha mopitirira, mwaye umachuluka, turbo n'kuvutika nawo.

Pansi pa fyuluta ya dizilo pali kotsegulira kotulutsira madzi. Funsani makaniko akuphunzitseni kukhetsa kwake, ndi ntchito ya mphindi zochepa. Nyali yake ikayaka pa dashibodi, imani mukhetse, osati mawa. Fyulutayo muziisintha pa sevisi yachiwiri iliyonse, kapena msanga ngati mwathira mafuta okayikitsa. Ina yapadera izikhala m'galimoto pamodzi ndi sipanala yake.

Chachisanu: madzi, katundu ndi zitunda

Mu radiyeta muzikhala madzi osakaniza ndi mankhwala ake aja a mtundu wobiriwira kapena wofiira. Madzi a pa mjigo kapena a m'nyanja okhaokha amabweretsa dzimbiri ndi zokanirira. Musatsegule chivundikiro cha radiyeta injini ili yotentha, anthu apsa nkhope ndi zimenezi. Mu Okutobala ndi Novembala, pamene ku Mangochi ndi ku Liwonde kumatentha zedi, diso lizikhala pa muvi wa kutentha.

Za katundu tinene chilungamo: timadzaza mopitirira. Mabasiketi a usipa pamwamba, matumba a mpunga pansi, anthu a matola pamwamba pa zonsezo. Turbo imabisa kulemerako chifukwa galimoto imakokabe, koma m'kati ikupsa. Pa chitunda musaumirire giya yaikulu phazi lili pansi. Tsitsani giya injini izilira momasuka. Utsi wakuda ukayamba, ndiye kuti mukuthira dizilo woposa mpweya umene ulipo, bwezani phazi pang'ono.

Pobwerera, potsetsereka, ena amazimitsa injini kapena kuchotsa giya kuti asunge mafuta. Uku n'kusewera ndi miyoyo. Injini ikazima mabuleki amalimba, chiwongolero chimalemera, ndipo turbo yotentha ija yasowa oyilo. Tsikani muli m'giya.

Galimoto imayankhula, timve

Turbo siifa mwadzidzidzi, imayamba yadandaula. Kalikhweru kapansipansi mukaponda moto n'kabwinobwino. Koma kulira kokwera ngati kwa ambulansi, kapena kokhala ngati chitsulo chikukhula chinzake, ndi chenjezo loti shafiti yayamba kugwedera. Utsi wabuluu ndi oyilo amene akupsa. Wakuda ndi kuchepa kwa mpweya kapena vuto la ma injector. Woyera wosatha injini itatentha kale ukhoza kukhala madzi kapena dizilo wosapsa. Oyilo akamatha msanga popanda podontha, kapena mukapeza oyilo wambiri m'mapaipi a mpweya, pitani ku galaja sabata yomweyo. Nyali yofiira ya oyilo ikayaka muli pa ulendo, imani pomwepo n'kuzimitsa. Apa palibe zodikira mphindi zitatu zija.

Pali ngozi ina imene dalaivala aliyense wa dizilo ayenera kuidziwa. Turbo ikawonongeka kwambiri imatha kutayira oyilo mu injini, injini n'kuyamba kumwa oyiloyo ngati mafuta. Imalira mopenga, utsi uli kathithi, ndipo ngakhale muchotse kiyi siizima. Zikatero tsitsani anthu aime patali. Ngati galimoto ndi ya giya ya pamanja, pondani mabuleki mwamphamvu, lowetsani giya yaikulu kwambiri, n'kusiya kilatchi kuti injini izime. Musayese kutseka polowera mpweya ndi dzanja.

Mukafika ku galaja

Ku Limbe, ku Ndirande ndi ku Ginnery Corner amakaniko ndi mashopu a zipangizo ndi ambiri. Aluso alipo, ongoyesa aliponso. Sankhani mmodzi wodziwa dizilo ndipo mukhale naye, kuti aidziwe galimoto yanu. Akakuuzani kuti turbo yatha, mufunseni mwaulemu kuti, "Bambo, chaipha n'chiyani?" Turbo kawirikawiri imaphedwa ndi chinthu china: oyilo, fumbi kapena kutentha. Mukaika ina osachotsa chimene chinapha yoyamba, nayonso ipita.

Poika turbo ina, onetsetsani kuti kapaipi kobweretsa oyilo ndi kobwezera katsukidwa kapena kusinthidwa, intercooler ndi mapaipi atsukidwa, oyilo ndi mafyuluta ndi atsopano, ndipo turboyo yathiridwa oyilo isanalizidwe. Pa kapaipi ka oyilo asamatepo silikoni, chifukwa kachidutswa kake kakalowa m'kati kamatseka njira. Yogula yakale igwireni shafiti: isagwedere kutsogolo ndi kumbuyo, mapiko asakhale obenthuka kapena okhula m'mbali. Zipangizo zimene zachotsedwa muzitenge, ndipo lisiti musaisiye.

Mufunsenso za lamba wa timing ngati injini yanu ili naye. Pa Toyota zambiri pali nyali yolembedwa T-BELT yokumbutsa. Lamba ameneyu akaduka muli pa liwiro, injini yonse imawonongeka. Galimoto yogula yakale, imene mbiri yake simukuidziwa, ndi bwino kungomusinthiratu.

Anyamata ena m'tauni amakonda kusintha makompyuta a injini kapena kumanga turbo kuti ipope mopitirira, ati galimoto ithamange. Amenewo ndi masewera a anthu amene galimoto yawo ikafa amakwera ina. Yathuyi ndi khasu, ndi ukonde. Isiyeni mmene anaipangira.

Kabuku ndi thumba la galimoto

Kuchokera pamene kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, chilichonse chochokera kunja chinakwera, turbo ndi ma injector omwe. Njira yotsika mtengo imene yatsala ndi kusamala chimene tili nacho. Ife titapsa tinagwirizana zinthu ziwiri. Choyamba, m'galimoto mumakhala kabuku. Dalaivala amalemba tsiku, makilomita, mafuta amene wathira ndi kumene wawagula, komanso tsiku la sevisi. Chachiwiri, pa ulendo uliwonse, tisanagawane phindu, timapatula kaye gawo la galimoto n'kulisungitsa kwa mayi mmodzi wa gulu lathu. Ndalama imeneyo sibwerekedwa, kaya kuli ukwati kaya fetereza. Poyamba panali kung'ung'udza, koma chiyambireni sitinalumphenso sevisi.

Ntchito zikuluzikulu, monga lamba wa timing, kutsuka radiyeta ndi kuyeza ma injector, tiziikonzera nyengo imene nyanja yatsekedwa kwa makoka mu Novembala ndi Disembala, pamene maulendo a nsomba amachepa. Galimoto ituluke m'galaja mvula isanakhwime.

Dalaivala wolembedwa ntchito tisamangomukalipira. Timuphunzitse, ndipo tisamupanikize kuti afike ku Limbe pa nthawi yosatheka. Eni galimoto ndi amene timati "thamanga, msika utha", kenako n'kumudzudzula injini ikapsa.

Mafunso okambirana pa gulu

1. Galimoto imene imanyamula katundu wanu ili ndi turbo kapena ayi? Injini yake dzina lake ndi chiyani?
2. Pa maulendo amene mumayenda pa sabata, makilomita 5,000 amakwana pakatha masabata angati?
3. N'chifukwa chiyani sitiyenera kuzimitsa injini titangofika pa msika?
4. Utsi wabuluu ukusiyana bwanji ndi wakuda, ndipo pa uliwonse mungayambe kuyang'ana pati?
5. Pa gulu lanu, ndani amasunga ndalama ya sevisi, ndipo ndani amaona kabuku ka galimoto?

Musanapite ulendo wotsatira, tsegulani boneti pamodzi ndi dalaivala wanu. Solani kandodo ka oyilo, tulutsani fyuluta ya mpweya, gwirani mapaipi. Mukapeza chokayikitsa, konzani nsomba zisanakwere.